Dziko ndi la Yani? Zikalata Zimene Zinagawa Omenyera Ufulu ku Bellville

Nkhani ya lero ikuchokera ku Bellville, tauni yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kum'mawa kwa mzinda wa Cape Town, komwe sitima, mabasi ndi matakisi zimakumana. Amalawi ambiri okhala ku Cape amadutsa pamenepa m'mawa uliwonse popita ku ntchito ndi ku maganyu. Wochoka pa siteshoni kulowera kumwera sachedwa kupezeka mu msewu waukulu wotchedwa Robert Sobukwe, ndipo mumsewu umenewu ndi momwe muli chipata cha University of the Western Cape, imene aliyense amangoitchula kuti UWC.

Wodziwa mbiri akaona mayina awiriwa ali pa adiresi imodzi amayamba waima kaye. Sobukwe anatuluka mu ANC chifukwa chokana chikalata chotchedwa Freedom Charter. Yunivesiteyi, m'zaka za m'ma 1980, inali linga la anthu otsatira chikalata chomwecho. Dzina la Sobukwe linaikidwa pa msewuwu mu 2013. Kale unkatchedwa Modderdam, ndipo dzina lakalelo nalonso lili ndi misozi yake.

Ku Malawi ambiri anakula akumva kuti nkhondo yolimbana ndi tsankho ku South Africa inali ya mbali ziwiri, boma la azungu uku, Mandela ndi anthu ake uko. Koma oponderezedwawo anakangana okhaokha kwa zaka zoposa 50, ndipo sikunali kulimbirana mipando chabe. Mkanganowo unagona pa funso lomveka lapafupi: dzikoli ndi la yani? Nanga polimenyera, ndani woyenera kukhala naye pa mphasa imodzi? Gulu lililonse linalemba yankho lake papepala, ndipo mapepala amenewo anagwirizanitsa anthu, anadanitsa anthu, ena mpaka anafa nawo.

Mmalawi woyamba kulawa kuwawa kwa magawano otere ku Cape Town anali Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU pa doko la mzindawu. Bungwelo linakula mpaka kutchula mamembala 100,000. Mu Disembala 1926 linathamangitsa makomyunisiti onse, mu 1928 nthambi ya ku Natal inapatuka ndi mtsogoleri wake A.W.G. Champion, ndipo pofika 1930 chimphona chija chinali zidutswa zokhazokha. Boma silinavutike kwambiri kuchigwetsa.

Bellville wa masiku a tsankho anali tauni ya azungu olankhula Afrikaans. Msewu wake waukulu mpaka lero ndi Voortrekker, ndipo likulu la kampani ya inshulansi ya Sanlam lili komweko. Njanji ndiyo inali malire. Kumwera kwake, ku Bellville South, boma linaikako anthu amene linkawatcha makaladi. Munthu wakuda wochokera ku Transkei kapena ku Ciskei ankaloledwa kuno ngati ali ndi kontirakiti ya ntchito, mkazi ndi ana atsale kumudzi, moyo womwe agogo amene anapita ku Wenela ankaudziwa bwino. Mu 1960 boma linatsegula koleji ya makaladi okhaokha pakati pa tchire ndi mchenga. Ophunzira oyamba anali 166, aphunzitsi pafupifupi onse azungu. Anthu anaipatsa dzina lonyoza, Bush, koleji ya kutchire.

Oyamba kuilavulira kolejiyo anali a Unity Movement. Gulu limeneli linabadwa mu Disembala 1943, ndipo manifesito yake inali ndi mfundo 10, yoyamba ikufuna voti kwa mwamuna ndi mkazi aliyense wopitirira zaka 21. Atsogoleri ake monga I.B. Tabata ndi Ben Kies anali anthu owerenga kwambiri, ndipo mphamvu ya gululi inali mwa aphunzitsi a ku Cape Town. Chiphunzitso chawo chinali chosapindika: chilichonse chimene boma la tsankho lakonzera anthu oponderezedwa, osachikhudza. Khonsolo ya makaladi, osalowamo. Chisankho cha makaladi, osavota. Wolowamo ankamutcha Quisling, dzina la munthu wa ku Norway amene anagulitsa dziko lake kwa Hitler; Mmalawi wa nthawi ya chitaganya akanangoti kapirikoni. Ankakananso kumva zoti pali mtundu wa makaladi kapena wa amwenye. Vuto linali loti mwana wa ku Bellville South wofuna digiri analibe kwenikweni kwina kolowera, choncho ambiri analembetsa ku Bush akunena poyera kuti akulowa mokakamizika.

Chikalata chachiwiri ndi chimene chinamveka dziko lonse lapansi. Ganizo lake analipereka Pulofesa Z.K. Matthews mu 1953 pa msonkhano wa ANC ku Cradock, tauni imene ibwerenso m'nkhani ino. Anthu odzipereka anayenda m'makomboni, m'mafamu ndi m'migodi kufunsa anthu wamba chimene angasinthe atapatsidwa mphamvu zopanga malamulo, ndipo mayankho anabwera pa timapepala tothothola m'makope ndi pa tizidutswa ta mapaketi. Pa 25 ndi 26 Juni 1955 nthumwi pafupifupi 3,000 zinasonkhana pabwalo la fumbi ku Kliptown, ndipo tsiku lachiwirilo apolisi anazinga msonkhano wonse, mfuti zili m'manja. Freedom Charter inanena kuti migodi, mabanki ndi makampani akuluakulu zidzakhale m'manja mwa anthu, ndi kuti nthaka idzagawidwe kwa oilima. Koma chiganizo chimene chinabala mkangano chinali choyambirira penipeni, chonena kuti South Africa ndi ya onse okhalamo, akuda ndi azungu omwe.

A Unity Movement anati chikalatachi chavomereza bodza la boma, poti chikulankhula za magulu a mitundu, ndipo mgwirizano umene unachilemba unali wa mabungwe osiyana, la akuda, la amwenye, la makaladi ndi la azungu. Achinyamata ena a mu ANC momwemo anakwiya pa chifukwa china. Iwo ankafunsa kuti wakuba ndi wobedwa angakhale bwanji eni munda onse awiri, pamene lamulo la 1913 linasiyira anthu akuda magawo 7 okha pa 100 a nthaka, ndipo la 1936 linangowonjezera kufika pa 13.

Achinyamata amenewa anatuluka mu Novembala 1958, ndipo pa 6 Epulo 1959 ku Orlando anakhazikitsa Pan Africanist Congress, mtsogoleri wake Robert Mangaliso Sobukwe, mphunzitsi wa zilankhulo za mu Africa pa yunivesite ya Wits. Pali mfundo imene Amalawi ambiri saidziwa. Amene anaitanidwa kudzatsegulira msonkhano umenewo anali Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo iye akalephera, Kenneth Kaunda. Onse awiri sanabwere chifukwa atsamunda anali atawatsekera. Kamuzu anagwidwa pa 3 Malichi chaka chomwecho n'kupititsidwa ku ndende ya Gwelo. Sobukwe anayamba zolankhula zake ndi kuwatchula awiriwa. Patangopita zaka 8, Kamuzu yemweyo anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la ku Pretoria.

Sobukwe sanali wodana ndi khungu la munthu, monga momwe adani ake ankamunenera. Ankaphunzitsa kuti mtundu ndi umodzi, wa anthu, ndipo aliyense wokhulupirika kwa Africa yekha, wovomera ulamuliro wa ochuluka, ndi Mwafirika. Chimene ankakana n'chakuti azungu, ngakhale okoma mtima, azitsogolera nkhondo ya anthu akuda. Chionetsero chake chokana ziphaso pa 21 Malichi 1960 chinathera m'magazi ku Sharpeville, komwe apolisi anapha anthu 69, ndi ku Langa ku Cape Town. Pa 30 Malichi mnyamata wa PAC wa zaka 23, Philip Kgosana, atavala kabudula, anatsogolera anthu 30,000 kulowa pakati pa mzinda. Akuluakulu a polisi anamulonjeza kuti akumana ndi nduna ngati abweze anthuwo. Anawabweza, ndipo atapita ku msonkhanowo anamumanga. Pa 8 Epulo boma linaletsa ANC ndi PAC tsiku limodzi.

Kenako kunagwa bata la mantha, ndipo amene analiswa anali ana a m'makoleji a tsankho aja. Steve Biko ndi bungwe la ophunzira la SASO anabwera ndi tanthauzo latsopano la mawu oti wakuda: aliyense amene lamulo limamupondereza chifukwa cha khungu, ndipo waima ndi anzake oponderezedwa, kaya boma limamutcha Mwafirika, mmwenye kapena mkaladi. Ku Bellville mawu amenewa anagwira moto. Mwana amene anamuuza kuyambira ali wakhanda kuti ali pakatikati, pansi pa mzungu koma pamwamba pa wakuda, anayamba kunena yekha kuti ndine wakuda. Mu 1973 ophunzira a ku UWC anaukira, sukulu inatsekedwa, ndipo mu 1975 boma linagonja n'kuika Richard van der Ross kukhala mkulu woyamba wa sukuluyi amene sanali mzungu.

Mwezi wa Ogasiti 1977 ndi wofunika kuukumbukira pawiri. M'mbali mwa msewu wa Modderdam, pafupi ndi yunivesite, munali mudzi wa zisakasa wa anthu pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo amuna a kontirakiti amene anaitanitsa akazi ndi ana awo mozemba lamulo. Mwezi umenewo, m'nyengo ya mvula ndi chisanu ku Cape, boma linatumiza mathirakitala ogumula n'kusalaza mudzi wonse. M'masiku omwewo Biko, amene analetsedwa kutuluka m'dera la King William's Town, anazemba ndi mnzake Peter Jones kubwera ku Cape Town. Ulendowo unali wofuna kulumikiza magulu omenyera ufulu, ndipo mmodzi mwa amene ankafuna kuonana nawo anali Neville Alexander, katswiri wa maphunziro amene anachokera mu Unity Movement n'kukhala zaka 10 pa Robben Island. Alexander nayenso anali woletsedwa, apolisi ankalondera nyumba yake, ndipo sanavomere kuti aonane. Pobwerera, pa 18 Ogasiti, Biko anagwidwa pa rodibuloko pafupi ndi Grahamstown. Pa 12 Seputembala anafera m'manja mwa apolisi ku Pretoria, ali ndi zaka 30. Munthu amene anali ndi kuthekera kokhazika pansi a Charter, a PAC ndi a Unity Movement anaphedwa ali pa ulendo wa ntchito yomweyo, ndipo palibe wina anadzaitenga ndi mphamvu ngati zake.

Yankho lina linachokera kwa anthu amene sanalembe manifesito iliyonse. Ku Bellville South kunali fakitale ya makaroni ndi supageti ya Fatti's & Moni's. Mu Epulo 1979 kampaniyo inachotsa ntchito anthu angapo a bungwe la Food and Canning Workers' Union, onse makaladi. Anzawo anataya zida, ndipo onyanyala anakwana 88. Ambiri mwa iwo anali amuna akuda a kontirakiti, amene kutha kwa ntchito kunkatanthauza kutaya malo ogona n'kukwezedwa sitima kubwerera ku Ciskei kapena Transkei. Akuluakulu a boma oona za ntchito atafika anafuna kuwalekanitsa, makaladi mbali iyi, akuda mbali iyo, kuti alankhule nawo padera. Ogwira ntchitowo anakana kusuntha. Anati onse ndi antchito a fakitale imodzi ndipo dandaulo lawo ndi limodzi.

Nkhani itamveka, ophunzira a ku UWC, eni magolosale, mipingo ndi mabungwe a zamasewera anagwirizana kuti asagule katundu wa kampaniyo. Amayi m'makomboni anasiya kuphika makaroni ake. Patatha miyezi 7 kampani inagonja n'kubweza anthu pa ntchito. M'kunyanyala kumeneko munali a Unity Movement, otsatira Biko ndi otsatira Charter, ndipo palibe anafunsa mnzake chikalata chimene amakhulupirira. Mmodzi mwa akuluakulu a ogwira ntchito za zakudya, Oscar Mpetha, anadzakhala mmodzi mwa apulezidenti atatu a gulu lokana tsankho la United Democratic Front (UDF) patapita zaka 4.

Munthu amene anaitanitsa UDF imeneyo anali mbusa wa ku Bellville. Allan Boesak ankatumikira ophunzira a ku UWC mu mpingo wa Sendingkerk, nthambi imene Dutch Reformed Church inapatulira makaladi. Akhristu a Sinodi ya Nkhoma audziwa mpingo waukuluwo, poti ndi womwe unatumiza amishonale ku Mvera mu 1889. Mu Ogasiti 1982 ku Ottawa, bungwe la mipingo ya Reformed pa dziko lonse linagamula kuti kuikira kumbuyo tsankho ndi Baibulo n'chiphunzitso chonyenga, ndipo linasankha Boesak, ali ndi zaka 36, kukhala pulezidenti wake. Chaka chomwecho sinodi ya mpingo wake, itakumana ku Belhar moyandikana ndi yunivesite, inalemba chivomerezo cha chikhulupiriro chotchedwa Belhar Confession, chimene inachilandira kwathunthu mu 1986.

Nthawiyo mtsogoleri wa boma, P.W. Botha, anali akukonza nyambo. Malamulo ake atsopano anapanga nyumba za malamulo zitatu: ya azungu ya mipando 178, ya makaladi ya mipando 85, ya amwenye ya mipando 45. Anthu akuda, omwe ndi ochuluka m'dzikomo, mpando n'umodzi womwe ayi. Masamu ake anali oti makaladi ndi amwenye ataphatikizana sangapose azungu. Chipani cha makaladi cha Labour cha Mbusa Allan Hendrickse chinavomera kulowamo mu Januwale 1983, ndipo mwezi womwewo ku Johannesburg Boesak anapempha mipingo, mabungwe a ogwira ntchito, a ophunzira, a amayi ndi a zamasewera kuti apange gulu limodzi lokana.

Onse ankakana nyambo ya Botha, koma gulu limodzi silinatheke. Ku Cape Town komiti imene inayesa kuwasonkhanitsa mu 1982 inasweka, ndipo nkhani imodzi yaikulu inali yoti bungwe la ophunzira achizungu la NUSAS lilowe kapena ayi. Chotero mu 1983 munachitika misonkhano iwiri. Woyamba unali wa National Forum ku Hammanskraal pa 11 ndi 12 Juni, wotsogozedwa ndi AZAPO, olowa m'malo a Biko, pamodzi ndi Cape Action League ya Neville Alexander. Kumeneko kunatuluka Manifesto of the Azanian People. Chikalatachi chinati mdani si tsankho lokha koma tsankho lolukana ndi ulamuliro wa eni chuma, kotero kuti kuchotsa zikwangwani za azungu okhaokha pa mabenchi osakhudza umwini wa migodi, mafamu ndi mafakitale n'kudula nthambi kusiya tsinde. Chinati otsogolera nkhondo akhale anthu akuda ogwira ntchito, ndipo pasakhale mgwirizano ndi zipani za olemera. Ngakhale dzina la dziko analisintha: kwa iwo linali Azania.

Wachiwiri unachitika pa 20 Ogasiti mu holo ya Rocklands ku Mitchells Plain, kumwera kwa Bellville. Kunafika anthu 10,000 kapena kuposa, oimira mabungwe opitirira 400, ena atakwera pa mitanda ya denga kuti aone. Apa panabadwa United Democratic Front, zaka 9 dzina lomweli lisanamveke ku Malawi. Boesak anayankha a Hammanskraal mosabisa, kuti si mzungu aliyense amene ali kumbali ya tsankho, ndiponso si wakuda aliyense amene ali kumbali ya ufulu, poti atsogoleri a mabantustan, madera amene boma linapatulira anthu akuda, ankamanga ndi kuzunza anthu awo omwe. Kenako anapatsa khamulo mawu atatu osavuta kuwanyamula popita kunyumba: ufulu wonse, konkuno, tsopano. UDF mwadala sinatenge Freedom Charter kukhala chikalata chake tsiku limenelo, pofuna kuti khomo likhale lotambalala, ndiponso poopa lamulo. Inadzaitenga mu 1987. Koma aliyense woona Albertina Sisulu, Archie Gumede ndi Oscar Mpetha ali apulezidenti ankadziwa kuti kumbuyo kwake kuli ANC.

Poyerekeza zikalata ziwirizi lero, chilungamo chimafuna kunena zinthu ziwiri. Cha ku Hammanskraal chinaona patali pa nkhani ya chuma. Koma chinali ndi zipata zambiri zoti munthu adutse asanalandiridwe, ndipo atsogoleri ake ankatha mphamvu zambiri pofotokoza amene sangakhale nawo pamodzi. UDF inkafunsa funso limodzi, ngati munthu akukana malamulo a Botha, ndipo akati inde ankamupatsa timapepala toti akagawe khomo ndi khomo. Inapita kwa mayi wodandaula za lendi ndi bilu ya magetsi, kwa wosewera mpira, kwa mtsogoleri wa kwaya. Pa chisankho cha Ogasiti 1984 magulu onse awiri anauza anthu kuti asavote, ndipo anavota anali pafupifupi 30 pa 100 alionse a makaladi olembetsa ndi 20 pa 100 a amwenye. Ntchito anagwira onse, koma dzina limene linatsala pakamwa pa anthu linali la UDF.

Omvera akuluakulu akukumbukira chimene 1983 inali ku Malawi. Mu Malichi, Attati Mpakati wa LESOMA anapezeka ataphedwa ku Harare. Mu Meyi, Orton Chirwa wa MAFREMO ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti anyongedwe, ndipo mwezi womwewo Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Otsutsa Kamuzu amene anathawira kunja chichokereni chisokonezo cha nduna cha 1964 analinso ndi magulu awo ndi mfundo zawo, LESOMA ya sosholizimu, MAFREMO, ndi Congress for the Second Republic ya Kanyama Chiume, ndipo sanathe kupanga gulu limodzi. Chimene chinadzagwedeza dziko chinali chikalata cha mtundu wina, kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 Malichi 1992.

Ku South Africa mkangano wa mapepala unasanduka wa zikwanje mu 1985. Mu Januwale Senator Edward Kennedy anabwera ataitanidwa ndi Boesak ndi Desmond Tutu. A AZAPO anamutsata ndi zikwangwani ponena kuti ndi nthumwi ya eni chuma a ku America, mpaka msonkhano wake womaliza ku Soweto unalephereka. M'miyezi yotsatira, m'makomboni a ku Port Elizabeth anyamata a UDF ndi a AZAPO anayamba kutentherana nyumba ndi kuphana. Apolisi anapezerapo mpata. Usiku wa pa 27 Juni, Matthew Goniwe, Fort Calata, Sparrow Mkonto ndi Sicelo Mhlauli akubwerera ku Cradock kuchokera ku msonkhano wa UDF anagwidwa panjira, ndipo mitembo yawo inapezeka yobayidwa ndi yotenthedwa. Boma linaloza chala mkangano wa UDF ndi AZAPO. Patapita zaka zoposa 10, apolisi achitetezo anavomera pamaso pa komiti ya Truth and Reconciliation kuti anawapha ndi iwo, ndipo anakonza imfazo kuti zioneke ngati ntchito ya gulu linalo. Chikhululuko anawakaniza. Amene anataya abale ku Mwanza safunika kuwafotokozera bodza la mtundu umenewu.

Pa 24 Febuluwale 1988 boma linamanga manja mabungwe 17 nthawi imodzi. UDF inali pa mndandandawo. AZAPO inalinso pomwepo.

Pamene izi zinkachitika, koleji ya kutchire ija inali itasintha nkhope. Jakes Gerwel, katswiri wa zolembalemba za Afrikaans amene anakulira m'maganizo a Biko, atakhala mkulu wa UWC mu 1987 analengeza kuti sukuluyi ikhale kwawo kwa anthu ofuna kusintha dziko, ndipo anatsegula zipata kwa ophunzira akuda ochokera m'dziko lonse, lamulo likufuna lisafune. Tutu anakhala chansala mu 1988. Anthu anayambanso kuoloka malire a magulu. Loya Dullah Omar anakulira mu Unity Movement, anaimira akaidi a PAC m'makhoti, kenako analowa UDF. Mu 1990 anatsogolera Community Law Centre pa UWC, ndipo akatswiri a malamulo a ANC obwera kuchokera kunja komwe anathawira, monga Albie Sachs, Kader Asmal ndi Zola Skweyiya, anakhala ku Bellville kukonza maganizo amene anadzalowa m'malamulo aakulu a dziko. Mu 1994 Omar anakhala nduna ya zachilungamo, Gerwel mkulu wa ofesi ya Pulezidenti Mandela.

Chisankho cha Epulo 1994 chinaweruza mlandu wa zikalata mwa njira yake. ANC inapeza mavoti 62 pa 100 alionse ndi mipando 252. PAC ya Sobukwe inapeza mipando 5. AZAPO inanyanyala. Kachipani ka ogwira ntchito ka Neville Alexander sikanakwanitse mavoti 5,000 m'dziko lonse, ndipo iye anathera zaka zake zotsala akumenyera kuti ana aziphunzira m'zilankhulo za makolo awo. Koma ku Western Cape, komwe UDF inabadwira, anthu anasankha National Party, chipani chomwe chinawasamutsa m'nyumba zawo, ndi mavoti 53 pa 100. ANC, imene inaimika Boesak kuti akhale nduna yaikulu ya chigawo, inapeza 33. UDF inali itathetsedwa mu 1991, ndipo makaladi ambiri a m'mafakitale anaopa kuti m'dziko latsopano adzakhalanso pakatikati. Mantha amene tsankho linadzala kwa zaka 40 anali ndi mizu yozama kuposa misonkhano ya zaka 8.

Mlandu suola. Migodi ndi mabanki sizinapite m'manja mwa anthu monga inanenera Charter. Nduna ya zachuma imene inabweretsa ndondomeko yodalira msika ya GEAR mu 1996 inali Trevor Manuel, mlembi wakale wa UDF ku Western Cape. Lonjezo logawa magawo 30 pa 100 a minda ya azungu m'zaka 5 silinakwaniritsidwe. Mu 2015, ophunzira a ku UWC ataukira fizi ndi malipiro a anthu osesa ndi olondera pa sukulupo, apolisi n'kulowa m'mahositelo, mayina amene ankamveka kwambiri pakamwa pa anawo anali a Biko ndi Sobukwe, ndipo ambiri ankalitchula dziko lawo kuti Azania.

Chiganizo chija cha ku Kliptown, choti dziko ndi la onse okhalamo, chinalowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a 1996. Kwa Mmalawi wosoka zovala kapena wogwira ntchito m'dimba ku Cape Town, mawu oti okhalamo si nkhani ya m'kalasi. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu Okutobala 2019 othawa kwawo mazanamazana, ambiri ochokera ku Congo ndi Burundi, anakagona pakhomo pa ofesi ya UNHCR pakati pa Cape Town kupempha kuti awapititse dziko lina. Apolisi atawachotsa anathawira mu tchalitchi cha Methodist pa Greenmarket Square, ndipo ali momwemo nawonso anagawikana pawiri. Mu Epulo 2020, Covid-19 itavuta, boma linawasamutsira m'matenti, gulu lina ku Wingfield, lina pamalo otchedwa Paint City m'tauni ya Bellville, komwe mabanja anakhala mu tenti imodzi yaikulu kwa zaka. Kuchoka pamenepo, takisi imatenga mphindi zochepa kutsika ndi msewu wa Robert Sobukwe kukafika pa UWC, pomwe nkhokwe ya zakale ya Mayibuye imasunga zithunzi, makalata a akaidi a pa Robben Island ndi mapositala achikasu a UDF.